Diresi Lomwe Ndinabweza Kanayi

1

Ine ndine telala, ndipo telala sanamizidwa za chiuno cha munthu. Mutha kunamiza amuna anu, mutha kunamiza galasi pokokera mimba m'kati, koma tepi yanga ikazungulira imanena nambala yomwe ilipo. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyeza azimayi m'kachipinda kanga kuseri kwa sitolo ya penti. Ndimadziwa woyembekezera asanauze mwini mimba, ndimadziwa amene banja likumuwawa, ndimadziwanso amene wakwezedwa pantchito. N'chifukwa chake sindingaime pamaso panu n'kunena kuti sindinkadziwa. Mlamu wanga ankadwala matenda oti akanamupha, ankatha thupi ine ndikuona, ndipo ndinali woyamba kumuombera m'manja. Mmene ndinadziwira ndikuuzani, koma mundilole ndifikepo pang'onopang'ono, chifukwa mpaka pano ndikaganiza zimenezo nkhope imanditentha.

Ndiyambe ndi thupi langa. Ndinakwatiwa ndili wonenepa, ndipo nditabereka ana awiri thupi linaona kuti malo alipo, n'kuwonjezera. Kuchimuna anandipatsa dzina lakuti Mipando Iwiri. Analiyambitsa ndi apongozi anga, mayi oopa Mulungu amene sanatukwanepo munthu chibadwire, chifukwa amatha kukumaliza ndi mawu aulemu okhaokha. Ndikapita kukawaona ankayamba agwedeza mpando kuti aone ngati uli wolimba, kenaka n'kundiuza mokoma mtima kuti mwina ndingamasuke bwino pa mkeka. Patebulo ankandigawira okha chakudya, maso ali pa supuni yanga mpaka ndimalize. Amuna anga, dalaivala wa galimoto zazikulu zonyamula katundu, ankangoseka n'kunena kuti amayi ndi nthabwala zawo. Inenso ndinkaseka. Munthu wonenepa amayenera kuseka nawo, akapanda kutero amati ndi wonenepa komanso wamwano.

2

Nditakwanitsa zaka makumi anayi ndi chimodzi, thupi lija linayamba kuchoka. M'miyezi isanu ndinabweza madiresi anga onse, ndiye kuti kumasula msoko n'kusokanso m'kati kuti chovala chichepe. Poyamba anthu ankandiyamikira. Kenaka kuyamikira kuja kunasanduka manong'onong'o. Makasitomala ankasiya kuyankhula ndikalowa, wina anandifunsa mwachifundo chambiri ngati amuna anga akupeza bwino ndi maulendo awo ataliataliwo, ndipo apongozi anabwera kudzandiona ndi nkhope ya pamaliro. Mukudziwa nokha zomwe anthu amaganiza mkazi wa dalaivala akaonda.

Amene anafunsa poyera ndi mayi wa saluni yoyandikana nane, munthu amene nkhani ikalowa m'khutu mwake imatulukira m'mitu khumi tsiku lomwelo. Anaima pakhomo panga chipeso chili m'manja.

“Atelala, tisabisane, tonse ndife akuluakulu. Thupi lija mwalisiya kuti?”

“Ndi dayeti,” ndinatero.

“Dayeti yanji?”

Ndinayang'ana pawindo. Panja pankadutsa bambo wogulitsa zinanazi, ndipo pa shelefu yanga panali botolo la uchi lomwe kasitomala wina anandipatsa. Nzeru zanga zonse za zaumoyo zinabadwira pamenepo. Ndinamuuza kuti asinje chinanazi, nthochi ziwiri ndi malalanje, athiremo masupuni atatu a uchi, azimwa katatu patsiku, chakudya cham'mawa ndi chamadzulo asiye. Ndinawonjeza kuti uchi umasungunula mafuta, ndipo ndinanena zimenezi ndi nkhope ya munthu wopita kusukulu. Wogulitsa uja akanakhala kuti wanyamula makabichi, bwenzi nkhaniyi kulibe.

Loweruka lotsatira kunabwera azimayi asanu. Mwezi usanathe anali khumi ndi awiri, atathithikana pakati pa makina osokera ndi mipukutu ya nsalu. Wina anabweretsa sikelo ya kubafa, ndipo tinapanga lamulo lakuti Loweruka lililonse aliyense akwere, wotsika kwambiri aomberedwe m'manja. Ine ndinkaima kutsogolo, tepi ili m'khosi, n'kumapeka malamulo atsopano mlungu uliwonse: uchi uzitakasidwa ndi supuni yamtengo, chakumwa chizimwedwa munthu ataimirira. Ankalemba m'mabuku. Dzina la Mipando Iwiri linafa, ndinakhala Aphunzitsi. Apongozi anayamba kuuza anzawo kutchalitchi kuti mpongozi wawo ndi wodziletsa kuyambira kale. Ndisaname, zinandikomera kwambiri. Munthu amene wakhala akusekedwa zaka khumi ndi zisanu akamva m'manja mukulira chifukwa cha iye, amaledzera.

Chakumwa changacho ine sindinkamwa. Ndinkagunditsa kapu pamilomo, ophunzira akayang'ana kumbali n'kukhuthulira mu mphika wa maluwa wa pakhomo, mpaka nyerere zinamangamo mudzi. Ndipo Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ndinkatseka shopu m'mawa, n'kulemba pachitseko kuti ndapita kukaoda nsalu.

3

Tsopano ndikuuzeni za mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Kuchimuna konse ndi iye yekha amene sanandiitanepo Mipando Iwiri, mwina chifukwa naye ankadzaza mpando wake bwinobwino. Ankaphikira ana pa sukulu ya mkaka, ankaseka mpaka kugwira khoma, ndipo nditachitidwa opareshoni pobereka mwana wachiwiri ndi iye anandisambitsa milungu itatu osadandaula. Pamaphwando a pabanja tinkakhala limodzi kumapeto kwa tebulo, kumene mbale ya nyama imafika itatsala msuzi.

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anapeza mwamuna, bambo wofatsa wokonza mafiriji, amene ankamukonda mmene analili. Koma apongozi anati mwana wawo sangalowe m'tchalitchi ngati kabati yovekedwa nsalu yoyera. Choncho tsiku lina mlamu anatulukira kushopu kwanga ndi mamita asanu ndi awiri a nsalu, ukwati utatsala miyezi inayi. Ndinamuyeza, chiuno chinali mainchesi makumi anayi ndi anayi. Ndikulemba nambalayo anandinong'oneza kuti akufuna kulowa m'gulu langa. Anati Mulungu wamuyankha kale, chifukwa masabata apitawo masiketi ake ayamba kukhwepa iye asanachite chilichonse.

Cholembera chinaima m'manja mwanga. Ndinamufunsa ngati wasintha kadyedwe. Anati ayi, akudya kuposa kale, njala yake sikutha, ludzu ndiye osanena. Ndinatseka buku n'kumulembera muyezo wa uchi.

Patatha masabata atatu anabwera kudzayesa diresi. Linali lalikulu ndi mainchesi awiri. Pa ola limodzi lomwe ndinkatsina nsalu ndi mapini anamwa jagi yonse ya madzi, n'kupita kuchimbudzi katatu, ulendo uliwonse akukweza nsalu yoyera m'mwamba kuti isade.

“Alamu, kukodza kumeneku n'kwabwinobwino? Usiku ndikumadzuka kasanu.”

“Ndi mafuta akutuluka amenewo,” ndinatero, mapini ali kukamwa. “Mufuna atulukire kuti?”

Anaseka mpaka misozi. Madzulo ake ndinamasula misoko ya m'mbali n'kubweza diresi koyamba. Ndinasoka bwino kwambiri, pa ntchito ya manja sindinyozeka.

4

Vuto la dayeti yanga linali limodzi lokha, sinkagwira ntchito. Azimayi khumi ndi awiri ankamwa uchi katatu patsiku, njala ikawapweteka madzulo n'kukagwira buledi wopaka majarini kuchipinda, ndipo sikelo inkakwera mokhulupirika. Mayi wa saluni anawonjeza makilo anayi n'kuyamba kundiyang'ana cham'mbali. Munthu yekhayo amene nambala yake inkatsika Loweruka lililonse anali mlamu wanga. Gulu likamuombera m'manja, ine ndinkaimirira n'kukalipira enawo kuti ndi aulesi, akuba m'mapoto awo omwe, aone alamu anga. Popanda iye ndinali wabodza. Kunena mwachidule, matenda a mlamu wanga ndiwo anali satifiketi yanga.

Kubweza kwachiwiri anadandaula kuti maso akuchita chifunga, akulephera kuwerenga mauthenga pafoni. Ndinati ndi kutopa kwa zokonzekera ukwati. Anati mapazi akumachita dzanzi. Ndinati asiye nsapato zothina. Funso lililonse ndinali ndi yankho lake, ndipo mayankhowo ankatuluka osakodwa pakhosi.

Wokonza mafiriji naye anabwera tsiku lina, chipewa chili m'manja, kudzafunsa mwaulemu ngati sikungakhale bwino kuti bwenzi lake likaonane ndi dokotala. Anati munthu wake uja sakusekanso ngati kale, amagona ali chikhalire pa mpando. Ndinamuuza kuti amuna onse ndi amodzi, mkazi akayamba kukongola amachita mantha. Ndinamufunsanso ngati za thupi la mkazi anaziphunzira m'firiji. Bambo wa anthu anapepesa n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Masiku omwewo amuna anga anayamba kufunsa za Lachiwiri. Anati aona kuti ndimapita kukaoda nsalu nditasamba bwino, osadya kanthu m'mawa, n'kubwerako chimanjamanja. Anandifunsa ali chiimire pakhomo la khitchini ngati kuli mwamuna wina. Ndinangoti aganize zomwe akufuna. Taonani nzeru zanga, ndinasankha kuti bambo a ana anga andiyese woyendayenda kusiyana n'kuti adziwe komwe ndimapita. Anakhala masabata awiri akundiyankhula kudzera mwa ana.

Kubweza kwachitatu ndi kumene kumandiwawa kwambiri. Mlamu anavula nsapato kuti ndiyeze kutalika kwa diresi, n'kumayendayenda kutsogolo kwa galasi. Ndinaona timadontho tamagazi pa simenti tikumutsatira. Nditamukhazika pansi ndinapeza pini italowa theka lonse kunsi kwa chala chachikulu cha phazi. Iye sanamve kanthu. Anangoiyang'ana n'kunena kuti akwatibwi ndi anthu olimba.

Ndinaizula, n'kupukuta, n'kumanga kansalu. Ndinadziwa kuti nthawi yomutsina khutu ndi imeneyi.

“Alamu,” ndinayamba.

“Mukudziwa alamu,” anandidula akudziyang'ana pagalasi, “dzulo amayi anandiuza kuti ndine wokongola. Chibadwire changa sanandiuzepo. Zonsezi ndi inu.”

Ndinameza mawu anga. Ndinadziuza kuti ukwati watsala mwezi umodzi wokha, ukangotha ndidzamutengera ndekha kwa dokotala, mwanzeru, popanda wina kudziwa chifukwa chake. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu, koma ine miyambi ndinkaiona ngati yonena anthu ena.

5

Kubweza kwachinayi kunali Lachitatu m'mawa, ukwati utatsala masiku khumi. Mlamu anafika atavala patapata, phazi atalikulunga bandeji. Anati kabala kaja kakuchedwa kupola koma akuthira mankhwala ogula pagolosale. Fungo lomwe linkachokera m'bandejimo linaposa la penti wa sitolo yakutsogolo. Milomo yake inali youma, maso atalowa m'kati, ndipo m'chikwama munali botolo la chakumwa changa, atamwa theka. Anandiuza monyadira kuti wawonjeza, tsopano akumwa kanayi patsiku.

Ndinamuveka diresi. Pa chiuno chija panali patachoka mainchesi asanu ndi atatu, nsalu inkangolendewera. Ndinagwada kumbuyo kwake n'kuyamba kutsina msoko, ndipo ndikukumbukira kuti ndinkaganiza za ntchito yokha, kuti zipi ndiyenera kuichotsa n'kuikanso. Anati akumva chizungulire. Ndinati apirire, katsala pang'ono. Anayamba kuyankhula ndi bwenzi lake ngati lili m'chipindamo, kenaka mawondo anapinda, n'kugwera pa makina osokera, diresi lonse lili pathupi.

Mayi wa saluni ndi amene anaimitsa takisi. Tinamunyamula awiri okha, munthu amene kale akanafuna anayi. Dalaivala anafunsa kuti chipatala chiti. Chapafupi chinali mphindi zisanu. China chinali mbali ina ya tawuni, theka la ola msewu ukakhala wopanda magalimoto. Mutu wa mlamu uli pamiyendo panga, mpweya wake ukutuluka movutikira, ine ndinatchula chakutalicho.

“Mwapenga kodi, atelala?” anatero mayi wa saluni. “Adalaivala, chapafupi.”

Iye anaganiza kuti mantha andisokoneza mutu. Mantha analipodi, koma sanali a imfa ya mlamu wanga.

6

Pofika masana tinali pa benchi ya m'khonde la chipatala, ine, amuna anga, apongozi, ndi wokonza mafiriji atavalabe ovololo yake. Dokotala, mtsikana wamagalasi wooneka wotopa, anatuluka n'kutiuza kuti wodwala wathu ali ndi matenda a shuga, ndipo shugayo wakwera mpaka kamakina koyezera kalephera kuonetsa nambala. Anati tikanachedwa maola ochepa bwenzi tikunena zina. Phazi nalo lachita mafinya mpaka pafupa. Anafunsa ngati kubanja kuli wina wa matenda amenewa.

Apongozi anawongola khosi n'kunena kuti kumtundu kwawo kulibe zoterozo, ndipo mwana wawo amasamala kwambiri kadyedwe. Anatchula zonse, chinanazi, nthochi, malalanje, masupuni atatu a uchi, osaphonya n'chimodzi chomwe. Pomaliza anandiloza monyadira kuti mphunzitsi wake ndi uyu. Dokotala anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine. Anafunsa ngati ndikudziwa kuti kwa munthu wa shuga zimenezo n'chimodzimodzi kuthira palafini pamoto. Ndili m'kati mokonza bodza lakuti sindinkadziwa, namwino wina wachikulire anadutsa ndi thireyi, n'kubwerera m'mbuyo akumwetulira.

“Mayi athu a kukiliniki ya shuga, mwabwera lero bwanji? Tsiku lanu si Lachiwiri loyamba? Kapena mapiritsi akutherani?”

Onse anatembenukira kwa ine.

Ndi zimenezo, owerenga. Chaka ndi theka m'mbuyomo, ludzu losatha, kukodza usiku ndi kuonda kuja zinandipititsa pa chipatala chomwecho, ndipo anandipeza ndi shuga. Dayeti sinandiondetse, anandiondetsa ndi matenda. Mapiritsi ndinkabisa m'chitini cha mabatani. Namwino yemweyo anandiphunzitsa zonse: kusiya shuga ndi zakumwa zotsekemera, theka la mbale likhale masamba, kudya pa nthawi yake osadumpha, kuyenda theka la ola tsiku lililonse, kusamala mapazi. Zimenezo ndinkazitsata mobisa ndipo ndinali bwino. Malangizo oonawo ndinawasunga ndekha chifukwa ankanunkha chipatala, ndipo ine ndinkafuna kukhala mayi wodziletsa, osati mayi wodwala. Chizindikiro chilichonse cha mlamu ndinachidziwa chifukwa chinayamba chadutsa m'thupi mwanga.

Apongozi anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba mawu aulemu anawathera. Wokonza mafiriji anaimirira n'kupita kukatsamira khoma lakutali. Amuna anga anayankhula motsitsa.

“Ndiye Lachiwiri lija mumabwera kuno.”

“Eya.”

“Bola akanakhala mwamuna.”

7

Mlamu anadulidwa zala ziwiri za phazi lamanzere. Diresi analidula ndi lumo pomuvula kuti amuike madiripi, misoko yanga yonse yokongola ija. Pa tsiku lomwe linayenera kukhala la ukwati anali pa bedi la chipatala akuphunzira kudzibaya jakisoni pamimba.

Ndinatenga masiku asanu kuti ndilimbe mtima kulowa. Ndinamupeza yekha. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, onena za manyazi, za kusekedwa, za mmene iye yekha angandimvetsere. Sanandipatse mpata. Anafunsa kuti ndinadziwa liti. Ndikanatha kunena kuti tsiku la pini, zikanamvekako bwino. Koma mabodza anali atandikwana, ndinamuuza kuti tsiku loyamba lenileni, pomwe ananena za ludzu, nsalu ndisanaidule n'komwe. Anandiyang'ana, sanalire, sanatukwane. Anatembenukira kukhoma n'kundipempha mwaulemu kuti ndikamatuluka nditseke chitseko.

Gulu lathu linatha lokha. Mayi wa saluni anagwira ntchito yake mwachangu, pofika Loweruka msewu wonse unali utadziwa. Chabwino chimodzi ndi chakuti mantha anapititsa azimayi onse aja kukayezetsa. Awiri anapezeka ndi shuga, atatu ndi kuthamanga kwa magazi, kuphatikizapo mayi wa saluni mwiniwake. Ndingati ndinapulumutsa anthu asanu, ngati mungandilole kudzitama ngati wotentha nyumba amene wathamangitsa makoswe. Ndipo musaganize kuti anthu amaphunzira. Patatha mwezi mtsikana wina anabwera kushopu ngati akufuna kusoketsa siketi, n'kundinong'oneza kuti zonse wamva, koma muyezo wa uchi uja ndimuuzebe, chifukwa mlamu wanga anaonda bwino zedi.

Ukwati unachitika patatha miyezi isanu ndi itatu. Wokonza mafiriji sanathawe. Diresi anasoka telala wina, mapewa ake anali okhota koma palibe anandifunsa maganizo. Mlamu anayenda pang'onopang'ono ndi nsapato zafulati, ine ndili pa benchi yomaliza. Apongozi sananditchenso dzina lililonse, akafuna kunena za ine amangoti ujeni. Amuna anga sanandisiye, amabwera, amadya, amafunsa ngati ndamwa mapiritsi, koma za mlongo wawo sitikamba.

8

Owerenga, sindikulemberani kuti mundimvere chisoni, chisoni ndimadzimvera ndekha mokwanira. Ndikufuna mumve izi zokha. Munthu akayamba kuonda osadziwa chifukwa, akumwa madzi ngati ng'ombe, akudzuka usiku kasanu, bala lake likukana kupola, musamugulire lamba watsopano, mutengereni kukayezetsa. Kubaya chala n'kuona nambala ndi mphindi ziwiri. Wina akakulonjezani chakumwa chosungunula mafuta, muyambe mwaona ngati iye akuchimeza. Ndipo ngati muli ndi matenda musawabise kwa anthu odya nanu pamodzi, chifukwa zomwe mukudziwa inuzo mwina ndi zomwe mnzanu akufa nazo posazidziwa. Kudwala shuga si mlandu. Mlandu ndi umene ndinachita ine, ndipo ndimautenga ndekha.

Kukiliniki anamupatsa mlamu tsiku lomwelo la ine. Chaka chathunthu takhala tikudikira pa benchi imodzi, iye kumapeto uku, ine uko, pakati pali anthu osatidziwa. Moni amandipatsa, poti analeredwa bwino, koma zimathera pomwepo.

Mwezi wathawu namwino anati odwala tiyang'anane kunsi kwa mapazi awiriawiri, chifukwa ambiri sititha kuwerama bwino ndipo maso athu ndi ofooka. Anthu anasankhana mwachangu, tinatsala awiri. Mlamu anandiyang'ana, n'kukoka kampando.

“Vulani nsapato,” anatero.

Ndinavula. Anaika phazi langa pamiyendo pake, n'kuyang'ana chala chilichonse, pakati pa zala, mpaka kuchidendene. Pamenepo anaima, anadina ndi chala chake, n'kundifunsa ngati ndikumva. Sindinamve kanthu.

“Muli ndi bala kuchidendene, ndipo layamba kuda m'mbali. Musachoke pano musanaonane ndi adokotala.” Anatsitsa phazi langa pansi mosamala. “Ine ndakuuzani, alamu.”

Ndinatambasula manja kuti ndilandire phazi lake. Iye anatenga chikwama, n'kupita kukaonetsa namwino.